Usaiwale green

Ndinali nditangokhala miyezi isanu ku Dublin pamene tsiku la Patrick Woyera, nkhoswe ya dziko la Ireland, linakwana pa 17 March. Dzulo lake mnzanga wina wa kuntchito, kumene timasamalira okalamba, anandiuza kuti tikakumane ku O'Connell Street tikaonere perete. Akutuluka pakhomo anatembenuka n'kunena kuti, "Usaiwale green."

Tsono inu, mwana wokulira ku Ndirande mukamuuza kuti green aganiza chiyani? Chiyambire 1968 pamene Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre, green kwathu ndi botolo. Ndinapita kushopu, ndinagula zitini zisanu ndi chimodzi, n'kuzilongedza m'chikwama bwinobwino ngati mazira. M'mawa kunkazizira, choncho ndinavala jekete yanga yokhayo yotentha, ya olenji.

Nditafika m'tauni mutu unaima. Aliyense anali wobiriwira: zipewa, ndevu, masokosi, makanda m'manja mwa amayi awo, ngakhale galu amene. Pakati pa nyanja yobiriwirayo panali ine ndekha, nditapsa ngati papaya. Mnzanga uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, anasuzumira m'chikwama, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi mumsewu. Atapeza mpweya anandifotokozera kuti pa mbendera yawo mtundu wobiriwira umaimira mbali ya Akatolika, wa olenji umaimira Apulotesitanti otsatira mfumu William wa ku Orange amene anapambana nkhondo ya pa mtsinje wa Boyne mu 1690, ndipo woyera uli pakatiwo ndi mtendere. Mwachidule, ndinali nditavala za Nyerere pakati pa Maule pa Kamuzu Stadium. Pofuna kundipulumutsa, mlongo wake anandipaka utoto wobiriwira kumaso konse.

Perete atatha tinalowa m'bala, ndipo mlonda wapakhomo anandilanda zitini zanga mwaulemu ndithu. Apa ndinalumbira chamumtima kuti manyazi a jekete ndiwachotsa ndi mowa. Dziko lonse limati anthu a ku Ireland ndi zidakwa, eti? Lero aona kuti nakonso ku Ndirande kuli amuna.

Ndinaitanitsa Guinness. Wogulitsa anathira, tambula isanadzaze anasiya, anaiika pambali n'kuyamba kucheza ndi munthu wina. Ine magazi anawira. Kwathu wogulitsa masese akakuchepetsera chipanda umalankhula pomwepo. Ndinatambasula dzanja, ndinaitenga, n'kunena kuti, "Bwana, ndalama ndalipira yonse, mowawo nawonso ukhale wonse." Bala yonse inangoti zii. Mkuluyo anandilanda tambulayo modekha ngati akulanda mwana mpeni. Kani mowa umenewu umathiridwa kawiri: amayamba audikira pafupifupi mphindi ziwiri kuti thovu likhazikike, kenako n'kudzazitsa. Arthur Guinness anasainira pangano lobwereka malo ofululirapo mowawo kwa zaka 9,000 mu 1759, ndiye anthu otere mphindi ziwiri zingawathamangitse?

Patebulo tinalipo asanu ndi awiri. Tambula yanga isanathe, ina inafika. Iyonso isanathe, inabwera ina. Mumtima ndinati, koma anthu awa amadziwa kulandira alendo! Aliyense akandigulira ndinkaimirira, kugwira dzanja, kufuula kuti "Sláinte!", kumene kuli kufunirana moyo wabwino m'chinenero chawo, ngakhale mmene ndinkatchulira ine zinkamveka ngati ndikuitana nkhuku. Itatha yachisanu ndi chimodzi, onse anangokhala chete n'kumayang'ana matambula awo opanda kanthu. Kenako anayamba kuyang'ana ine. Ndinawamwetulira. Anapitiriza kundiyang'ana. Mnzanga anandinong'oneza kuti, "Raundi ndi yako." Ha! Kani panalibe zolandira mlendo, chinali chipereganyu. Ndipo wozemba raundi yake kumeneku mbiri yake imamutsata mpaka kumanda. Ndinapita pakauntala miyendo ikunjenjemera, ndipo makina atalira kuti pii, ndalama ya basi ya sabata yonse pamodzi ndi ya ndiwo zinapita. Walira mvula walira matope.

Pobweretsa zakumwazo m'pamene ndinazindikira kuti imodzi sinali mowa. Inali sobo wa malalanje, wa bambo ake a mnzanga, mkulu wa imvi mbuu amene tsiku lonse ankalankhula chinenero chawo cha makolo ndi kuimbitsa nyimbo. Ine ndinkaganiza kuti ndiye katswiri wa zidakwa zonse. Ndinati, "Madala, inu mwini dziko weniweni, mukumwa za ana?" Anandionetsa kabaji ka Mtima Woyera wa Yesu pa jekete yawo. Anali wa gulu la Pioneer, limene linayamba mu 1898, la anthu olumbira kuti mowa sadzaulawa moyo wawo wonse. Anati, "Mwana wanga, ndili mnyamata lero linali tsiku la Misa, ndiponso m'kati mwa Lenti." Anandiuza kuti kuyambira 1927 mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960 lamulo linkatseka mabala onse pa 17 March, moti ku Dublin anthu ankakhamukira kuchionetsero cha agalu chifukwa kumeneko kokha n'kumene kunkapezeka mowa. Anthu oti galu sanawetepo ankasanduka okonda agalu tsiku limenelo. Lachisanu Loyera lokha mabala anayamba kutsegulidwa mu 2018. Zoti lero n'lachikondwerero cha perete, anatero, zinakulira ku America, kwa anthu a ku Ireland amene anathawira kumeneko.

Ndinagwedeza mutu mwanzeru, koma mutuwo unali utayamba kale kugwedezeka wokha.

Pomaliza panali mwambo womiza shamrock, kamtengo ka masamba atatu kamene amati Patrick ankaphunzitsira za Utatu Woyera. Amakachotsa pa chovala, kukaponya m'tambula yotsiriza, kumwa, kenako kukavuula n'kukaponya kumbuyo kudzera paphewa lamanzere. Poti ndinali mlendo, anandipatsa ine ulemuwo. Za kuponyazo palibe anandiuza. Ndinamwa, ndinaona masamba, ndipo Mmalawi sataya ndiwo. Ndinatafuna n'kumeza. Atandifunsa kuti shamrock ili kuti, ndinati inali bwino ndithu, kungoti inasowa nsinjiro.

Ndinkakhala ku Raheny, kumpoto kwa mzinda. Ndinakwera sitima ya DART, ndinatsamira pawindo kuti ndingopumitsa maso. Anandidzutsa ndi wantchito wa m'sitimamo, tili ku Greystones, kumapeto kwa njanji kummwera, nyanja ikuwomba panjapo. Ndikuyesa kufufuza za sitima yobwerera, foni inalira, mayi pa vidiyo ya WhatsApp, ndipo chala chinayankha chokha. Anayang'ana nkhope yanga yobiriwirayo kwa nthawi yaitali, kenako ndinamva akuitana kuseri, "Abambo ake, tabwerani mudzaone, mwana uja amulodza azungu!"