Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: usiku umene ndinakumbukira ufa wa agogo

Gawo lapita lija ndinalekezera poti ndalowa chaka chachiwiri kusukulu ya ubusa. Ndiye temu imeneyo anatipatsa asaimenti ya mbiri ya mpingo, momwe Akhristu oyambirira ankatsutsira milungu ya Aroma, ine ndinkangoyesa ndi yoloweza mayina ndi zaka basi.

Ndinayamba ndi Justin Martyr, uyu m'zaka za m'ma 150 analembera mfumu Antoninus Pius kuti milungu yanuyi ndi ziwanda, koma pakamwa pomwepo ankatinso anthu ngati Socrates, wanzeru wa ku Greece, amene anatsata Mawu a Mulungu Yesu asanabadwe tingawatche Akhristu. Kenako Tertullian wa ku Carthage, mu Africa mommuno, mu 197 akudandaula kuti mtsinje wa Tiber ukasefukira kaya Nile akalephera kuthirira minda, anthu amangokuwa kuti aponyereni mkango Akhristuwo. Yemweyu mu 212 anauza bwanamkubwa Scapula kuti chipembedzo sichikakamizana, munthu apembedze mwa kufuna kwake. Abale mawu amenewa ndinawakonda zedi mpaka ndinawakopera kuchikuto kwa kope langa.

Koma nditapitirira 313 pomwe mafumu a Roma Constantine ndi Licinius anapereka ufulu wopembedza, mawu aja anasintha. Mkhristu wina dzina lake Firmicus Maternus m'ma 340 sakupemphanso kuti tisiyeni tipemphere ayi, akuuza mafumu Constantius ndi Constans kuti afafanize zachikunja ndi mphamvu ya boma, mafano asungunulidwe. Pofika 392 mfumu Theodosius waletsa nsembe ndi za m'nyumba zomwe. Ozunzidwa aja mkwapulo unali m'manja mwawo tsopano.

Magetsi anali atathima, ndimawerengera tochi ya foni, ndipo mtima unangoti myu chifukwa m'maganizo mwanga ndinaona agogo anga aakazi. Ndili ndi zaka 19, ndangotembenuka kumene mtima, ndinawapeza m'mawa patsinde pa msolo kuseri kwa nkhokwe atagwada ndi kansengwa ka ufa, akuwomba m'manja pang'onopang'ono kutchula mayina a makolo awo poti mvula inali itadula. Ine kansengwa kaja ndinakamenya theche ufa uli mbwee pansi, ndikufuula mavesi. Iwo sanakalipe, anangotola kansengwako nkukapukuta ndi nsonga ya chitenje nkuti, "Mdzukulu wanga, tchalitchi ako aja ndinakuletsapo ine?"

Sanandiletsepo ndi tsiku limodzi lomwe, ndi iwo amene ankandichapira shati ya kwaya.

Chikhulupiriro changa sichinagwedezeke usiku umenewo, Yesu ndi yemweyo mpaka lero, koma ndinalira kwambiri. Asaimenti ndinaimaliza cha m'ma 3 koloko m'mawa, ndipo Loweruka lake ndinabwereka ndalama ya minibasi kwa mnzanga wa m'chipinda, ndinagula shuga paketi imodzi ndi sopo, ulendo wa kumudzi. Ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa, maso anali atayamba kale kuchita khungu, anandizindikira ndi mawu.