Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Bawo yopanda maenje

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene amalume anandisiyira laputopu yawo yakale, ija ya batire lakufa, yongoyaka ikakhala pamagetsi. Munali mu 2020, sukulu atatseka chifukwa cha kolona, ine ndili khale pakhomo ku Ndirande.

Mu Epulo ndinawerenga pafoni kuti katswiri wina wa masamu, John Conway, wamwalira ku America ndi matenda omwewa. Dzinalo linali lachilendo kwa ine. Chimene chinandigwira mtima ndi timadontho takuda timene tinkayenda tokha pakavidiyo, ngati nyerere. Ati ndi masewera amene iye anapeka ali ku Cambridge, Martin Gardner n'kuwafalitsa m'magazini ya Scientific American mu Okutobala 1970. Amawatcha Game of Life, ngakhale wosewera mulibe. Umangoyala poyambira, kenako n'kupinda manja.

Pamakhala bolodi la timabokosi, ngati kope la masamu, ndipo kalikonse kali ndi anansi 8. Kamoyo kakakhala ndi anansi amoyo 2 kapena 3, kamapulumuka. Akachepa kamafa ndi kusungulumwa, akachuluka kamafa ndi kuthinana. Kakufa kakazunguliridwa ndi amoyo 3 ndendende, kamadzuka. Malamulo ake ndi omwewa basi.

Ndinati izi n'zachibwana, usiku umodzi ndithana nazo mu Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta. Kulemba ndinalembadi. Koma glider, kaja ka timabokosi 5 kamene kamayenda mopingasa, kusuntha malo amodzi pa mibadwo 4 iliyonse (m'badwo ndi ulendo umodzi wogwiritsa malamulo aja pabolodi lonse), kanga kankangophwasuka pomwepo. Masiku atatu ndikuyang'anitsitsa mizere yomweyo, maso kuchita kufiira.

Tsiku lachinayi magetsi anazima, laputopu nayo zii. Ndinajambula mizere pakatoni ndi makala, n'kukatapa nyemba kukhitchini amayi asakuona. Agogo aamuna, amene pa bawo sankagonja kwa munthu m'dera lonselo, anasendeza mpando wawo.

"Iwe, bawo yanjiyi yopanda maenje?"

Ndinawafotokozera malamulo, n'kuyala nyemba zitatu pamzere. Ndinachotsa yakumapeto poti inali ndi mnansi mmodzi. Ndikuti ndiwerenge yapakati, agogo anandigwira dzanja.

"Ukubera, mdzukulu. Yapakatiyo inali ndi anzake awiri. Wailanda mmodzi usanaiweruze mlandu wake."

"Agogo, tabwerezani."

"Yamba wawerenga zonse, kenako uzisuntha."

Ndinakhala kukamwa yasa. Pulogalamu yanga inkachita zomwezo. Inkapha ndi kudzutsa timabokosi pabolodi lomwe inali kuwerengerapo anansi, choncho ta kumunsi tinkaweruzidwa ndi anansi osinthidwa kale. Pamafunika mabolodi awiri: uwerengere pa lakale, ulembe pa latsopano, ukamaliza uwasinthanitse. Munthu amene sanagwirepo kompyuta anaona m'mphindi ziwiri chimene chinandikanika masiku atatu, ndipo mpaka lero ndikakumbuka kamandiwawa pang'ono.

Magetsi anayaka cha m'ma 11 usiku. Ndinakonza mizere itatu yokha, glider uja n'kunyamuka, kutsetsereka chakumanja mpaka m'mphepete. Poti mu pulogalamuyo m'mphepetimo ndinali nditalumikiza ndi mbali inayo ya bolodi, anatulukiranso pamwamba chakumanzere ngati palibe chachitika. Ndinakuwa, galu wa aneba n'kuyamba kuuwa.

M'mawa ndinayesa R-pentomino, nakonso ka timabokosi 5, kamene kamasokosa mibadwo 1103 kasanakhazikike. Bolodi langa la 40 kwa 40 linachepa. Ma glider amene ankayenera kuthawiratu ankazungulira n'kudzagunda anzawo kumbuyo, nambala ija osakwana. Nditakulitsa bolodi, laputopu inayamba kulira ngati chigayo, ndipo za mmene ndinaichepetsera katunduyo ndidzakamba m'gawo likubwerali.

Agogo nditawaitana kuti adzaone, anayang'ana kwa kanthawi, n'kufunsa kuti wapambana ndani. Ndinati palibe. Anapukusa mutu n'kubwerera ku bawo yawo pansi pa mango. Nyemba zija amayi anazipeza pakatoni zitada ndi makala, ndipo ndinazitsuka ndekha.