Chisikirini changa chinadya mawu a woyimba

Mu situdiyo yanga munali kasikirini ka kompyuta ka mainchesi 24, kankagwira ntchito bwinobwino koma makasitomala akalowa ankakayang'ana mondimvera chisoni. Ndiye ndinakagula chimphona cha mainchesi 49, chopindika chija, kuti aliyense adziwe kuti muno muli producer. Vuto linali malo. Masipika amafuna mtunda wa pakati pawo ufanane ndi wochokera pa sipika iliyonse kufika pamutu pako, koma ine ndinangowakankhira uko ndi uko kumapeto kwa tebulo, chisikirini n'kutulukira kutsogolo kwawo.

Ndikumikisa nyimbo ya mnyamata wina, mawu ake akumveka opyapyala, pakati pali mbee. Ndakweza, ndawonjezera EQ (chida chokwezera kapena kutsitsira gawo limodzi la saundi) cha pa 500 Hz (muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu), ndakwezanso mpaka ndamva kukoma. Iye kukayiyika m'galimoto anabwerera maso ali psuu, akuti achimwene mwandipanga chani, ndikumveka ngati ndikulalatira anthu ndili mumgolo.

Ndinasintha makebulo, ndinatukwana masipika osalakwa, m'makutu ndinatokosamo ndithu.

Kenako kunabwera mnzanga wina wodziwa za saundi, osalankhula kanthu, wangotenga bulangete n'kufunditsa chisikirini chonse, wadina play. Aaa mawu aja abwera ndi mkokomo wonse umene ndinawathira! Akuti aise, galasi ndi lolimba komanso losalala, phokoso likagundapo limanjanja n'kukupeza mochedwa pang'ono kuposa lochokera pa sipika. Phokoso limayenda mamita 343 pa sekondi, ndiye njira yokhotayo ikangotalika ndi masentimita 34 ndi milisekondi imodzi imeneyo, mafunde awiriwo amaphana pa 500 Hz, pa 1500, pa 2500, kumangopita choncho, amati comb filtering. Ine ndimadzaza dzenje loti munyimbo mulibe, lili pampando panga pokha. Kupindika kumene ndinkanyadira kuja ndiye kumasonkhanitsira zonjanjazo pamphumi panga penipeni.

Anati ndichitsitse, ndichipendeke, chibwerere kumbuyo kwa masipika. Koma woyimba ali pakhosi, ndinati timalize kaye bulangete lili pompo, kiyibodi ndimayidziwa pamtima ine. Dinu, dinu, play. Biti ikugunda mwaudongo zedi, mnzanga uja akugwedeza mutu akuti eya, apa ndiye yakhala nyimbo. Woyimba wadikira vesi yake, wadikira, kenako wavundukula yekha bulangete lija. Tiraki ya mawu ake ndinali nditayidilita yonse.