Mapilisi ofiira aja ndi kapu ya shuga yaku kiliniki

Lachiwiri. Ndadzuka 5 koloko m'mimba muli kulira, poti anatiuza kuti tsiku loyeza shuga usadye kanthu kuyambira usiku, madzi okha basi. Malaiti analinso atapita ndiye ndavalira mumdima, ndazindikira ndili kale mu minibasi kuchoka ku Mtendere kuti bulauzi ndavala motembenuza. Kondakitala amangondiyang'ana osanena kanthu, bola.

Mimba yakwana masabata 26, ndiye nthawi yake yoyeza shuga, amayeza pakati pa 24 ndi 28. Anditenga magazi kaye ndisanadye, shuga 4.6, asista akuti zili bwino poti siinafike 5.1. Kenako kapu ija. Magalamu 75 a shuga osungunula m'madzi, umwe wonse mphindi zisanu zisanathe. Ine wokonda zotsekemera koma ija inandikwana, ndinachita kutseka mphuno kuti isabwerere. Ndiye ukhale pa benchi maola awiri, osadya, osayendayenda.

Pambali panga panali mayi wina ali ndi kapepala ka dothi, lija amagulitsa pa msika wa Soweto, amanyema pang'onopang'ono n'kumaponya mkamwa asista akatembenuka. Ndinameza malovu, poti langa linali mu handibagi momwemo.

Manje nkhani ndi iyi, ndivomere. Mapilisi owonjezera magazi ndinasiya kumwa masabata atatu apitawo. Amandichititsa nseru, kudzimbidwa, chimbudzi chakuda bii mpaka ndinaopa, ndiye apongozi atabwera kuchokera ku Katete anangomalizitsa, akuti mapilisi amenewo amakulitsa mwana mudzachita kung'ambidwa, aneba nawonso akuti anawerenga pa Facebook kuti amabweretsa matenda a shuga. Munthu ukakhala kuti chinthu sukuchifuna kale, chifukwa chilichonse umangochilandira ndi manja awiri.

Kupatula shuga anayezanso kuchuluka kwa magazi m'thupi, atuluka 9.4. Asista anandikoka chikope n'kuyang'ana m'kati, anayang'ananso zikhatho, akuti "amayi mwayera, mapilisi mukumwa?" Ndinati eee, koma paketi inali mu kabuku ka sikelo momwemo, yodzaza. Manyazi ake! Sanandikalipire, mwina anaona kuti misozi ili pafupi. Akuti mayi wapakati akatsika pa 11 ndiye kuti magazi achepa, ndipo kupuma mwawefuwefu ndikakwera kachitunda kaku nyumba, chizungulire ndikamachapa, ngakhale chilakolako cha dothi chomwechi, zonse zimayenda ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi, yemweyo ali m'mapilisi ndinasiya aja. Dothilo silionjezera kanthu, limatsekereza ayironi yemweyo, mwinanso n'kukupatsa njoka za m'mimba.

Ndinafunsa za shuga zija, poti zimandidya mumtima. Anakoka mpando n'kukhala, zosowa izi pa mzere ngati uja. Akuti shuga wa pamimba amabwera chifukwa nsengwa imatulutsa mahomoni amene amafooketsa mphamvu ya insulin, imene imatsitsa shuga m'magazi, ndiye kwa ena thupi limalephera kubweza, makamaka ngati ndiwe wonenepa, kwanu kuli odwala shuga kapena unaberekapo mwana wamkulu kwambiri. Ndipo mwana wokula mopitirira uja apongozi amaopa, kawirikawiri amakulitsidwa ndi shuga wosayezedwa, osati pilisi. Sanabise, akuti ofufuza anaonadi kuti azimayi amene ayironi wachuluka kale kwambiri m'thupi shuga amawapeza kawirikawiri, n'chifukwa chake si bwino kugula ma toniki ku famasi n'kumaphatikiza wekha pamwamba pa zakuchipatala. "Koma inu a 9.4, nkhokwe ilibe kanthu, mukuopa kuti chimanga chitayikira pansi?" Azimayi onse pa benchi anaseka, ine ndemwe.

Chimene chinandilasa ndi tiyi. Masiku amene ndimamwa mapilisi aja ndimatsitsira tiyi wamkaka, masupuni atatu a shuga, nthawi zina Fanta kuti nseru ichoke. Kumeneko tiyi ndi mkaka zimagwira ayironi asalowe bwino m'magazi, ndiye ndimavutika ndi nseru pachabe, shuga amene ndimamuopa mu pilisi ndimathira ndekha ndi supuni. Akuti pakati pa tiyi ndi pilisi pazidutsa ola limodzi kapena awiri, nditsitsire madzi, ndidyeko lalanje kapena gwafa poti vitamini C amathandiza. Nseru ikavuta ndizimwa usiku nditadya nsima. Chimbudzi chakuda n'chabwinobwino. Ndipo folic acid, amene amathandizanso kupanga magazi, ndisamusiye.

Maola awiri atakwana, shuga 7.2, malire ndi 8.5. Ndinapuma. Anandimwetsa Fansidar pomwepo akuyang'ana, mwina sakundikhulupiriranso, poti malungo nawo amatha magazi. Mawu amene ndabwera nawo kunyumba ndi akuti pobereka mayi aliyense amataya magazi, wa 12 amadzuka n'kuyamwitsa, wa 8 ndi amene timayamba kuthamanga kusaka magazi oti timuike usiku.

Potuluka ndinagula malalanje ndi chimanga chowotcha, ndinadya ndili chiimire ngati mwana wasukulu.

Kunyumba ndapeza apongozi atatendera chiwawa, kapenta ali pa mbaula. Ndawafotokozera zonse mwaulemu, ndagwada ndithu, iwo akuti "ife tinabereka asanu ndi awiri opanda mapilisi." Sindinayankhe, ndimadziwa kuti pa mwana wachitatu anagona chipatala mwezi wathunthu, amuna anga anandiuzapo. Atakhala chete anafunsa kuti nambala ija mwati ndi zingati, ndinati 9.4 amayi, ikufunika 11. Anangoti "hmm" n'kundionjezera ndiwo m'mbale.

Pilisi ndamwa 8 koloko, ndi madzi, lalanje pambuyo. Nseru ilipo pang'ono. Akandiyezanso pakatha masabata anayi. Dothi lija likadali mu handibagi, ndati nditaya mawa.