Mawu akuti pack ndi anzake oyenda nawo

Sabata yatha mnzathu wa ku Britain amene timagwira naye ntchito anatumiza uthenga pa WhatsApp wakuti "the printer has packed up". Ine ndinamva kuti makina osindikizira aja awalongedza m'katoni, mwina akusamuka nawo. Nditalowa mu ofesi ndinawapeza ali pamalo pake pomwepo, ali zii, osayaka. Kwa anthu a ku Britain, makina akachita pack up ndiye kuti afa, asiya kugwira ntchito. Madzulo ake ndinatsegula kope langa n'kuyamba kulondola mawu aafupiwa kulikonse kumene amapita.

Tanthauzo loyamba silivuta: kulongedza. Pack a bag, pack a suitcase, ndipo ukafika umachita unpack, kumasula katundu. Packed lunch ndi kamba amene mwana amanyamula popita ku sukulu, backpack ndi chikwama chobereka kumsana. Ngakhale paketi ya shuga imene timagula pa okala ndi mbale wake wa mawu omwewa.

Chimene chinanditsegula m'maso ndi kuona kuti pansi pa matanthauzo ambiri pagona chithunzi chimodzi: zinthu zambiri zopanikizana pamalo amodzi. Akati "the minibus was packed", ndimaona minibasi yochokera ku Limbe madzulo, anthu anayianayi pampando, thumba la ufa lili pamiyendo, kondakitala atapinda msana pakhomo. Angerezi amawonjezera kuti packed like sardines, ngati nsomba za m'chitini. A pack of cards ndi makadi 52 aja osewerera, ngakhale ku America amakonda kunena deck. Six-pack ndi zitini 6 zomangidwa pamodzi, komanso minofu ya pamimba ya munthu wolimbitsa thupi, yooneka ngati zitini zondandalikidwa.

Pa nyama mpamene ndinachedwapo kwambiri. Ife tikati gulu, takwanitsa zambiri, koma Chingerezi chimasankha. Ng'ombe ndi herd, nkhosa ndi mbalame ndi flock, njuchi ndi swarm, mikango ndi pride. Pack ndi ya agalu ndi mimbulu, nyama zosaka limodzi n'kuzinga nyama imene zikufuna kugwira. N'chifukwa chake mawuwa akagwera pa anthu nthawi zambiri amaluma: a pack of thieves ndi kutukwana, a pack of lies ndi nkhani ya mabodza okhaokha, yopanda ndi chimodzi chomwe choona. Munthu wosadziwa angathe kutcha alendo ake a pack of visitors poyesa kuti akungonena gulu, osazindikira kuti wawanyoza. Zimenezi zimandikhudza, chifukwa ulemu umene munthu anali nawo mumtima umatayikira m'njira chifukwa cha liwu limodzi.

Pali ena awiri amene ndawalemba ndi inki yofiira. Send someone packing ndi kumupirikitsa munthu, atenge zake azipita. Pack it in ndi Chingerezi cha ku Britain chouza munthu kuti aleke zimene akuchitazo, ndipo si chonenera akuluakulu.

Chatsala ndi katchulidwe. Pakamwa pathu pack ndi park zimatuluka ngati liwu limodzi, mwina chifukwa tinazolowera kunena kuti kupaka galimoto, kumene kunachokera ku park. Mu pack, liwu lapakatilo ndi lalifupi, milomo itatambasuka. Mu park ndi lalitali, lochokera kukhosi, ndipo ambiri ku England satchula r. Kusiyanaku si kwamasewera. Dalaivala ukamuuza kuti "pack the car" ayamba kukweza katundu, ukamuuza kuti "park the car" akaimika galimoto. M'mawa uliwonse sabata ino ndikumanena ziganizo ziwirizi motsatizana, n'kudzijambula pafoni kuti ndimve ngati zayamba kusiyana.