Nyemba zimene zinakana kupsa pa Chambe

Ndikuphunzira zauphunzitsi wa sukulu za pulayimale, ndipo titatsala pang'ono kutsekera, mmodzi mwa aphunzitsi athu ku koleji anatiuza kuti aliyense akhale ndi kope lolembamo zimene waphunzira pa tchuthi, osati zimene wangowerenga. Panthawiyo ndinaona ngati ndi ntchito yongotitangwanitsa, chifukwa tchuthi cha kwathu sichipereka mpata woti munthu akhale pansi n'kumasinkhasinkha. Kwathu ndi m'munsi mwa phiri la Mulanje, pakati pa Chitakale ndi Likhubula, ndipo pakhomo pathu mphika umaphikira anthu 12: makolo athu, ife ana asanu ndi atatu, ndi ana awiri a malemu mayi athu aang'ono, amene takula nawo tikudyera m'mbale imodzi. Ine ndine wachiwiri kubadwa.

Mwezi wa Ogasiti ntchito iliyonse pakhomo potere imakhala ndi mwini wake. Atsikana amapita ndi amayi kukathyola nandolo, anyamata akuluakulu timaponda dothi ndi kuumba njerwa pamodzi ndi abambo poti mvula ikadali kutali, ndipo ang'onoang'ono akatunga madzi ndi kumangirira mbuzi amasowa mpaka madzulo, ena ku mpira wa chikulunga, ena ku fulaye. Wofuna kuwerenga amadzuka m'bandakucha, nyali ya sola isanatengedwe ndi wina. Umo ndi mmene ndinakhozera mayeso a MSCE, ndipo ndiyenera kuvomereza kuti njira yanga inali yoloweza: ndinkalemba mfundo pa timapepala n'kumazibwereza popita kudimba mpaka zitakhazikika m'mutu. Phunziro la Geography ndinakhoza bwino, moti pakhomo ankanditenga ngati katswiri wa za mapiri ndi nyengo, ngakhale kuti m'phiri limene limatibisira dzuwa m'mawa uliwonse ndinali ndisanagonemo ndi usiku umodzi womwe.

Maganizo okagona m'phiri anabwera ndi amalume, amene akhala akunyamula katundu wa alendo ndi kuwatsogolera m'njira za m'menemo kuyambira ine ndili wakhanda. Iwo anati n'zochititsa manyazi kuti anthu ochokera kutsidya la nyanja azidziwa malo a m'phirimo monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo, pamene ana a mlongo wawo amangodziwa kotola nkhuni. Abambo anatsala kuti ayang'anire uvuni wa njerwa ndi ziweto, choncho tinali anthu 12 ndithu, amalume atalowa m'malo mwawo. Ntchito yokonza ulendo anaipereka kwa ine poti ndine “wa ku koleji”, ndipo ndinailandira ndi manja awiri.

Ndinabwereka mapu a phirilo, ndinayala ulusi motsatira njira ya Chapaluka kuchokera ku Likhubula kukafika ku nyumba yogona alendo ya pa Chambe, ndinauyeza pa sikelo monga tinkachitira m'kalasi, kenako ndinalengeza kuti tikafika m'maola awiri okha. Amalume anayang'anitsitsa pepalalo, analoza pamene mizere yosonyeza kukwera kwa malo inathithikana, nandifunsa tanthauzo lake. Ndinayankha mosadodoma, ngati ndikulemba mayeso, kuti mizere ikayandikana chotero ndiye kuti malowo ndi otsetsereka kwambiri. “Mwakhoza, aphunzitsi,” anatero iwo, “koma maola awiriwo mwawerengera miyendo ya ndani, yanu kapena ya mzimeyu?” Mzime wathu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Tinalembetsa maina ku ofesi ya zankhalango m'mamawa, tinadutsa pa Dziwe la Nkhalamba ana akadali ndi mphamvu zoimba nyimbo, ndipo tinafika pa Chambe dzuwa litapendeka, mzimeyo ali kumsana kwa achimwene. Chimene chikundivutabe n'chakuti yankho ndinali nalo, koma silinalowe m'masamu anga. Tanthauzo la mizere ndinalisunga kwina, kuyeza mtunda ndinakusunga kwina, ndipo sindinaganize kuti ulusi wogonekedwa pa pepala sungamve chikweza cha mamita pafupifupi 1,000.

Pa nkhani ya kuzizira ndinalakwitsa mwa njira yomweyo. Ndinkadziwa kuti munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, choncho ndinauza aliyense kuti juzi imodzi ikwanira. Amayi anamvetsera osatsutsa, kenako anakulunga mabulangete onse a m'nyumba ndi zitenje zawo n'kugawira aliyense mtolo wake. Ine ndinachotsa madigiriwo pa kutentha kwa masana, n'kuiwala kuti usiku wopanda mitambo nthaka imataya kutentha mofulumira, ndiponso kuti mpweya wozizira umatsikira m'malo olowa ngati beseni, monga mmene pa Chambe palili. M'nyumbamo munali kale alendo ena, motero amayi, atsikana ndi ang'onoang'ono anagona pansi pafupi ndi moto, ndipo ife anyamata tinapanikizana mu tenti imene amalume anabwereka kwa mnzawo. Chitenje chimene ndinaseka pochinyamula ndicho ndinadzikulunga nacho kumutu mpaka kunja kunacha.

Koma phunziro limene landikhalira kwambiri linali mumphika. Amayi anatenga nyemba zouma monga kamba wa paulendo chifukwa siziwonongeka ndipo zimakwanira anthu ambiri, ndipo titangofika anazitereka pamoto. Madzi anawira msanga, anabwata mwamphamvu, anaphwa, tinathiramo ena, koma mdima unagwa nyembazo zikadali gwa. Apa aliyense anali ndi maganizo ake. Achemwali anati tinagulitsidwa nyemba za chaka chatha, achimwene anati nkhuni za m'phiri zilibe makala, ndipo mmodzi mwa ang'onoang'ono ananong'ona kuti mwina mizimu ya m'phiri sinakondwe nafe. Ine ndinagwada pamoto kwa nthawi yaitali ndikusonkhezera ndi kuuzira mpaka maso anafiira ndi utsi. Mlonda wa nyumbayo atabwera ndi nkhuni zina anangoseka, nanena kuti aliyense wobwera ndi nyemba zouma kumtunda kuno amadya mochedwa, n'chifukwa chake anzawo a amalume amanyamula usipa kapena amaviika nyemba usiku wonse.

Mawu akuti “kumtunda kuno” ndi amene ananditsegula m'mutu. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene mpweya umapanikiza kwambiri, koma munthu akamakwera mpweya umapepuka, ndipo madzi amayamba kuwira asanatenthe kufika pamenepo. Pa mamita 300 aliwonse pamachoka pafupifupi digiri imodzi. Pamalo okwera mamita pafupifupi 1,800 madzi amawira pa madigiri 94 kapena chapompo, ndipo akangoyamba kuwira satenthanso kuposa apo, kaya munthu asonkhe moto waukulu chotani. Nkhuni zonse zimene ndinkawonjezera zinkangothamangitsa madzi kukhala nthunzi. Kusiyana kwake ndi kwathu kumunsi ndi madigiri atatu kapena anayi okha, koma kwa nyemba zouma zosaviika, pamodzi ndi madzi ozizira amene tinkathiramo pafupipafupi, kunali kokwanira kutigoneka ndi njala. Mfundo imeneyi ndinaiphunzira ku sekondale ndipo ndikanatha kuilemba m'Chingerezi popanda kuphonya liwu, komabe ndinakhala ola lathunthu pafupi ndi mphika umene unkaionetsa poyera, osaizindikira. Amayi sanadikire kuti ndimalize kufotokoza. Anakazinga usipa, tinadya nsima, ndipo nyembazo anazivundikira bwino n'kuzisiya pa makala, moti tinadzadya m'mawa.

Kutacha, chiperoni chinatsekereza chilichonse. Nsonga ya Chambe, imene dzulo lake inkaoneka ngati munthu angaikhudze, inazimiririka m'chifunga, ndipo amalume analamula kuti pasapezeke wochoka pakhomo mpaka kutayera. Ndinaona kuti mwayi woyeserera kuphunzitsa wapezeka. Ndinasonkhanitsa abale anga pafupi ndi moto n'kuyamba kufotokoza mmene mvula ya m'mapiri imapangidwira, motsatira ndondomeko imene ndinaloweza. Sipanathe mphindi zisanu ndisanaone kuti zinthu sizikuyenda. Akuluakulu ankangogwedeza mitu mwaulemu poti anazimvapo kale, apakatikati ankatsinana, ndipo mawu onse ofunika ndinkawatchula m'Chingerezi chifukwa ndinali ndisanayesepo kuwanena m'Chichewa. Mzime anafunsa kuti madzi amakwera bwanji m'mwamba popanda chidebe, ndipo ine ndinangobwereza chiganizo chomwe chija mokweza mawu, ngati kuti vuto linali makutu ake.

Amayi, amene sukulu analekezera ku pulayimale, anavundukula mphika wa madzi a tiyi n'kumuonetsa mwanayo kunsi kwa chivundikiro. “Taona madonthowa. Ndani wawathira apa?” Mwanayo anati palibe. Anamuuza kuti agwire mbale yozizira pamwamba pa nthunzi, ndipo posakhalitsa mbaleyo inayamba kudontha. Mng'ono wathu wina wa Sitandade 6 ndi amene analumikiza nkhaniyo, nati ndiye kuti kumwamba kwa phiri kuli ngati mbale yozizirayo. Fanizolo si langwiro, chifukwa mpweya umazizira makamaka poti wakakamizidwa kukwera, osati chifukwa chokhudza mwala, koma linatipatsa poyambira. Kuchokera pamenepo ndinatha kufotokoza m'chilankhulo chathu kuti mphepo yachinyezi imachokera ku nyanja ya Indian, imadutsa m'dziko la Mozambique kumene kuli phiri la Chiperone limene chiperoni chinatengera dzina, ndipo ikagunda Mulanje imakwera, imazizira n'kutula madzi ake. Achemwali anafunsa ngati ndicho chifukwa chake tiyi amachita bwino mbali ya kummwera kwa phiri, kumene anayamba kulimidwa pa esiteti ya Lauderdale mu 1891, pamene mbali ya Phalombe imakhala youmirapo. Funso limenelo linandisangalatsa kuposa chilichonse chimene ndinanena ndekha tsiku limenelo. Ku koleji timaphunzira za TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, ndipo ndinali nditalemba ndime zingapo zoyamikira njira imeneyi. Koma ndinkaiona ngati chochita cha mphunzitsi wosowa zipangizo zenizeni, osati ngati njira yoyesera ngati mphunzitsi mwiniyo akumvetsa chimene akunena.

Chifunga chitayera chakumasana, amalume anatitenga kukayenda pafupi, ndipo ndinayamba kuwaonetsetsa monga mmene amatiuzira kuti tizionera mphunzitsi wodziwa ntchito. Iwo safotokoza zambiri. Anaima pa chitsa chakale, anapala pang'ono ndi mpeni n'kuuza ana kuti anunkhize, ndipo onse anazindikira fungo la mkungudza, poti amalidziwa kuchokera ku timabokosi togulitsa alendo. Kenako anati aliyense awerenge zitsa zimene angaone pobwerera, ndiponso mitengo yaikulu yamoyo ya mtundu womwewo. Chiwerengero chachiwiricho chinalibe woyambira. Ine ndikanayamba ndi kunena kuti nkhalangoyi inakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa mu 1927, kuti mkungudza wa Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu, ndiponso kuti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha m'phiri lonse. Zonsezi ndinadzanena ndithu, koma ana atawerenga kale zitsa, ndipo ndinaona kuti anazimvetsera mosiyana ndi mmene anamvetserera m'mawa. Za Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, amalume anangoloza kumene ili n'kunena kuti kumeneko si kopita ndi ana, ndipo panalibe wotsutsa.

Tinatsika tsiku lachitatu, mawondo akunjenjemera, ndipo tinapeza abambo atatentha kale njerwa. Sabata yotsatira ndinatulutsa chikonzero cha phunziro la kayendedwe ka madzi chimene ndinalemba ku koleji n'kuchiwerenganso. Chinali ndi zolinga zolembedwa bwino, mafunso asanu ndi chithunzi chojambula pa bolodi, koma munalibe pamene mwana akanagwira kanthu kapena kundifunsa funso limene sindinalikonzekere. Ndachilembanso. Tsopano chikuyamba ndi ketulo, mbaula ndi mbale yachitsulo, ndipo mawu a Chingerezi akubwera kumapeto, ana ataona kale madontho ndi kunena m'mawu awo chimene chachitika. Pambali pa mfundo iliyonse ndalemba mmene ndingainenere m'Chichewa, ndipo pamene ndalephera kutero ndabwerera ku buku kukawerenganso, chifukwa ndaona kuti nthawi zambiri pamenepo ndi pamene ndinangoloweza.

Vuto limene latsala ndi la kuchuluka kwa ana. Pa Chambe ophunzira anali asanu ndi anayi ozungulira mphika umodzi, pamene kalasi imene ndikayesereremo ikhoza kukhala ndi ana ochuluka kangapo kuposa apo, ndipo mbaula yamoto pakati pa ana othithikana si chinthu chochita mwachibwana. Ndaganiza zochitira phunzirolo panja, ana akubwera m'magulu, gulu lililonse ndi mbale yake. Loweruka lapitali ndinayesa pakhonde pathu ndi abale anga pamodzi ndi ana a pafupi, onse 19, ndipo phunziro limene ndinaliwerengera mphindi 30 linatenga pafupifupi ola, makamaka chifukwa mbale zinkatentha msanga n'kuleka kugwira madontho. Mzime ndi amene anapereka nzeru yoti tiziziviika m'ndowa ya madzi ozizira gulu lina lisanafike. Ndawonjezera ndowa pa mndandanda wa zipangizo, ndipo amayi anena kuti ketulo yawo ndikhoza kubwereka tsiku limodzi lokha.