Kodi chiwembu cha mu filimu ya Capricorn One n'chomveka?

Filimu ya Capricorn One, yomwe anailemba ndi kuitsogolera Peter Hyams ndipo inaonetsedwa ku America mu 1978, imasimba za akuluakulu a NASA, bungwe la America loona za maulendo a mumlengalenga, amene ananamiza dziko lonse kuti anthu atatu afika ku Mars. Chombo chitatsala pang'ono kunyamuka, amuna atatuwo amatulutsidwamo mwachinsinsi chifukwa makina owapatsa mpweya sakanawasunga amoyo, kenako amatsekeredwa m'chipululu kumene amakakamizidwa kuchita sewero la kutera ku Mars pamaso pa makamera.

Gawo lapakati ndimalikhulupirira ndi mtima wonse. Chombo chopanda anthucho chimapsa pobwerera kudziko lapansi, anthu onse n'kuuzidwa kuti atatuwo afa, ndipo kuyambira pamenepo moyo wawo umakhala umboni wa bodzalo, moti amene anawabisa sangachitire mwina koma kuwapha.

Vuto langa lili pa mafunde a wailesi. Uthenga wochokera ku Mars umatenga mphindi zapakati pa 3 ndi 22 kuti ufike kuno, malinga ndi kutalikirana kwa mapulaneti awiriwa, ndipo aliyense amene ali ndi dishi yaikulu yolandirira mafunde angathe kudziwa kumene ukuchokera. Filimuyi ikudziwa zimenezi, chifukwa katswiri wina wa NASA, Elliot Whitter, amazindikira kuti zithunzi za pa TV zikuchokera pafupi. Koma imafuna tivomereze kuti iye yekha ndiye akanaona zimenezo, pamene dziko la Soviet Union, lomwe linkapikisana ndi America pa maulendo a mumlengalenga, likanakhala likumvetsera usana ndi usiku. Ngakhale asayansi a ku Jodrell Bank, malo ofufuzira zakuthambo ku England, analandira zithunzi zochokera ku Luna 9, chombo cha Soviet Union chomwe chinatera pa mwezi mu 1966, ndipo zinatuluka m'nyuzipepala eni ake asanazitulutse.

Whitter amasowa mwadzidzidzi atazindikira zimenezi, ndipo kusowa kwakeko kumandivutanso. Mnzake, mtolankhani Caulfield, amapeza mayi wina m'nyumba ya Whitter akunena kuti wakhalamo kalekale, zomwe zikutanthauza kuti mwini nyumba, oyandikana naye ndi anzake a kuntchito onse agwirizana kukhala chete. Filimuyi imatiuza kuti odziwa chinsinsi ndi ochepa, koma kufafaniza munthu mmodzi yekhayu kukanafuna anthu ambiri kuposa amene inationetsa.